Pa Sikelo

Madzulo, ogula soya atabalalika pa Kamwendo,
ndinaika foni yanga pa sikelo.
Muvi sunagwedezeke n'komwe.

Komatu ndi yomweyi imandinong'oneza mtengo wa ku Lilongwe
mavenda asanandipusitse.
Ndi yomweyi inandionetsa mano awiri oyamba
a mdzukulu wanga wa ku Chipata
amene sindinamuyangatepo.
Usiku uja Yotamu atabanika ndi chifuwa
inadzutsa wakabaza, mvula ili pakati.

Ndiye Lachiwiri lija kunabwera mawu aulemu:
"Mayi, akaunti yanu itsekedwa lero,
tiuzeni nambala yachinsinsi tikukonzereni."
Ankadziwa dzina langa,
ngakhale la malemu bambo anga.
Ndinatchula manambala anayi aja
ngati ndikuuza mwana wobala ndekha.
Matumba asanu ndi awiri a soya
anatulukira pa kabowo kosalowa ndi nyerere yomwe.

Esinala akuti ndiiponye m'chimbudzi,
ndibwerere ku kamabatani kaja.
Ndaifumbata. Ikufunda ngati mwanapiye.
Kodi muli yani m'katimu, akumvetsera?

Iyo yayamba kulira.
Nambala yachilendo.
Kaya ndi wogula, kaya ndi yemwe uja.
Chala changa chaima m'malere.