Sabata ya Madzi ku Khon Kaen

Amabwera atanyowa.
Malaya onata pakhungu, nkhope zopakidwa ufa woyera,
mfuti yamadzi ikadali m'khosi mwa mnyamata
amene mwendo wake waloza kumene mwendo suloza.

Kunjaku mzinda ukuthirana madzi a chaka chatsopano.
Muno tikukolopa magazi.

Ndisanabwere kuno ndinkagwira kusikelo,
kudontheza katemera m'timilomo,
kulemba makilogalamu m'timabuku ta ana.
Thanakorn ndinamuyeza ndekha ali ndi miyezi itatu.
Anandikodzera yunifolomu, mayi ake n'kuseka mpaka misozi.
Chikuku tinamutchinga. Kafumbata tinamutchinga.
Mitsuko yoswera udzudzu tinaivundikira yonse.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri tikulera munthu mmodzi,
msewu wa Mittraphap n'kumutenga
pa kanthawi kosakwana kumeza malovu.

Chipewa cha njinga yamoto chinalipo.
Chinkalendewera pachogwirira ngati dengu lopita kumsika.
Apolisi abwera nacho,
chilibe ndi kamng'alu komwe.

Wa galimoto uja ali pabedi lachisanu,
mpweya wake ukununkha mowa wampunga,
akufunsa ngati wina wamutolera nsapato.
Ndamusoka pachipumi bwinobwino, kasanu ndi katatu.
Manja anga sadziwa kusankha.

Mliri wina ukabwera ndi chifuwa
timatseka masukulu, timaphimba pakamwa,
wailesi siigona.
Uwu umabwera ndi kulira kwa ambulansi
ndipo timangoti ngozi, timangoti linali tsiku lake,
ngati mowa unadzitsanulira wokha m'kapu,
ngati phazi silinadziwe chimene likuponda.

Pabolodi lapakhoma Dokotala Wilaiwan
wafufuta nambala ndi chala, walemba ina.
Chalacho chada bii kuyambira Lolemba.

Mayi ake a Thanakorn ali pabenchi
ndi kathumba ka mpunga womata ndi nkhuku yootcha.
Sanadye masana, akundiuza,
akadzuka mumupatse.
Ndavomera ndi mutu.
Ndikusamba m'manja kachitatu,
mpopi ukuthira, ukuthira,
mawu oti ndikawauze sakubwera.

Mbandakucha ndikuweruka.
Pachipata kamtsikana kandidikira ndi kambale,
kandiwaza madzi onunkhira maluwa, n'kuthawa kakuseka.
Ndavala chipewa changa, ndamanga lamba pansi pa chibwano
mpaka wandiluma khungu.
Latsala tsiku lachinayi, lachisanu, lachisanu ndi chimodzi.
Magazi a gulu la O atithera.