Dzina pa Mkuwa Wozizira

Basi yomaliza ikadutsa pa mlatho wa ku Delft,
nyumba ikasiya kunjenjemera,
ndi pamene Wietske amavula nsapato.
Chidendene chokha chimagwedeza singano.
Chifuwa chikamugwira amakatsokomolera panja,
pomwe njinga yake ikunyowa ndi mvula.

M'kati mwa chitsulo chonenepa ngati mgolo
mulibe mpweya, mulibe fumbi.
Muli kuzizira kumene chisanu cha kuno
sichinakulotepo n'komwe,
ndi kachidutswa ka mkuwa kosakwana chikhadabo.

Pamkuwapo pandanda maatomu.
Maso sawaona.
Singano imangowapapasa, ngati wakhungu
akuwerenga nkhope ya mwana wake,
kenako kompyuta imajambula timadontho totuwa
ndi mipata pakati, ngati mano a mwana wogweluka.

Atomu pamwamba, mpata pansi: wani.
Mpata pamwamba, atomu pansi: ziro.
Basi.
Kukankha kamodzi, ngati njere ya bawo
kuchoka m'dzenje ili kugwera m'dzenje ilo.

Masana akuluakulu amauza alendo a masuti
kuti mabuku onse a mumzinda muno
angakwane pa sitampa imodzi ya kalata.
Alendowo amagwedeza mitu, n'kufunsa mtengo.
Wietske sanena za sitampa.
Iye amadziwa kuti singano ikavuta
khofi amazizira chilembo chimodzi chisanathe.

Lamlungu anakwera sitima kupita ku Harlingen,
kunyumba yosungirako okalamba.
Bambo ake, a Douwe,
amene zaka makumi anayi anasunga m'mutu
mayina a maboti onse a padoko,
eni ake, ndi ngongole zawo,
anamuyang'ana bwinobwino, mwaulemu wonse,
n'kufunsa: Mayi, mwabwera kudzakonza zenera?

Anakonza zeneralo.
Linkalowetsadi mphepo.

Usiku uno ntchito anam'patsa ndi ina,
mizere yoyesera, wani, ziro, wani, ziro,
koma pakona ya mkuwa patsala kamalo.
D: mipata isanu ndi itatu.
O: isanu ndi itatu inanso.
Pa U atomu imodzi yakana,
yamatirira singano ngati chisoso pa sokosi.
Saikalipira. Aidikira, wagwira mpweya,
monga amadikirira bambo ake kuti ameze phala.
Yagwa yokha, pamalo pake.
W.
E.
Belu la tchalitchi likulira kanayi.

Dzina laling'ono chonchi
udzudzu utaliponda sungamve kanthu kuphazi.
Komabe lilipo, lonse, mwandondomeko yake,
ndipo singano ikabwerera kukalifunsa
limayankha chimodzimodzi, kachiwiri, kachitatu.
Wietske alifunsa kakhumi.

Kukucha afika Sjoerd wodzaza matanki,
chipewa chikudontha, mkate uli kukamwa:
galimoto ya madzi oziziritsa makina yachedwa,
Lachisanu mgolo udzafunda, pepani.

Aliyense pano akudziwa zimene kufunda kumachita.
Maatomu amayamba kusuntha okha
ngati ana belu loweruka likalira.
D adzatsetsereka kulowa mwa O,
W adzamwazikira kumphepete.
Palibe atomu idzasowe, ngakhale imodzi.
Onse adzakhala pomwepo, pamkuwa womwewo,
athunthu, osavulala,
kungoti sadzadziwanso kuti anali dzina.

Sjoerd afunsa ngati pali china chofunika kusunga.
Wietske ayang'ana timadontho totuwa tija nthawi yaitali.
Zoyesera chabe, atero.
Azimitsa nyali. Avala nsapato,
yakumanzere ikadali yonyowa.

Panja ngalande yadzaza mpaka m'milomo,
abakha akukangana pansi pa mlatho.
Lero ndi Lachitatu, si tsiku loyendera okalamba,
koma sitima ya kumpoto imanyamuka hafu pasiti seveni,
ndipo m'thumba la jekete lake
muli kale sikuludiraiva ndi timisomali tinayi.
Chipinda cha a Douwe chili ndi mazenera awiri.