Mlandu wa Likoswe

Kwathu dzina lake ndi chitonzo.
Mwana akaulula pamene abisa mbewu
amamukuwiza: Iwe Likoswe!
Khoswe wa mfumu Liwamba,
nduna yosunga makiyi a onga,
amene anachotsa mpiringidzo wa linga usiku
asilikali nalowa
ngati Shire akalowa m'dimba.
Ine ndine mdzukulutuvi wake.
Kusukulu ndinkalembetsa dzina la amalume.

Zaka makumi atatu ndinali kalaliki wa khoti pa boma,
kulemba milandu ya mbuzi, ya malire,
ya maukonde obedwa.
Mlandu sagamula ndi pakamwa pamodzi,
ndinkawauza anthu, cholembera chili m'manja.
Nditapuma ntchito ndinati,
nanga wa Twaibu, mwana wa Abiti Sumani,
anaumva ndani?

Buku la Bwana Disi ndinalipeza
chiswe chitadya kale mwezi wa Okutobala.
Pamene chinasiya panali mizere iwiri:
munthuyu watithandiza,
koma asakhulupiriridwe.
Mphotho yake nsalu mikwamba isanu ndi ambulera.
Ambulera!
Munthu angagulitse mbuye wake
chifukwa cha mthunzi wonyamula m'manja,
kuno kumene mlambe umaupereka ulere?

Nyimbo ya pamtondo ndinaimva ku Chimwala.
Imati khoswe anafera m'bango,
osasambitsidwa, wopanda sanda.
Koma nyimboyo anaipeka ndi akazi a mfumu,
ndipo wolira safunsidwa umboni.

Kenaka chitini cha tiyi,
chotsomekedwa kudenga ku Namwera,
m'kati mwake pepala lofiirira ngati fodya,
zilembo zoyenda chakumanzere.
Shehe Jawadu anavala magalasi omanga ndi ulusi
nawerenga ndi chala, pang'onopang'ono:

Mbuye wanga, onga watha.
Amalonda akunyanja yamchere
akufuna mitu makumi anayi.
M'midzi ya kutsidya simunatsale munthu.
Mwati titenge ana a m'linga momwe muno.
Ndadya mchere wanu zaka khumi ndi zisanu,
koma apa dzanja langa lakana.

Ndinakwera kabaza ndikuseka ndekha.
Pa mlatho ndinafuna kuimitsa malole onse,
kuuza amayi ogulitsa usipa pansi pa nsanja ya wotchi:
sanali khoswe, imvani,
anatsegula chipata kuti ana asatuluke pa goli!
Usiku umenewo ndinalemba dzina lake lonse
pachikuto cha kope langa.

M'mawa kunabwera kamnyamata ka ku madarasa.
Akuti mubwere, simunatembenuze pepala.

Kuseri kwake, dzanja lomwelo,
inki yomweyo, ya chaka cham'mbuyo,
zolembedwa mwaukhondo ngati zanga:
Akazi asanu ndi anayi, a ku Malombe.
Anyamata khumi.
Mikanda matumba awiri, mfuti zitatu.
Mmodzi wotsimphina, tamusiya panjira.

Shehe anavula magalasi.
Sitinayang'anane.
Panja wina ankakhoma malata.

Ndiye kuti dzanja linkadziwa kukana,
koma linadikira mpaka goli litafika pakhomo.
Mwa ana makumi anayi aja
munali kamtsikana kamene kanabala agogo anga;
mpweya ndikupumawu unadzera pa chipata chimenecho.
Nanga a ku Malombe aja, adzukulu awo ali kuti
oti akwere kabaza akuseka?

Mzungu anamuyeza ndi nsalu.
Akazi a mfumu anamuyeza ndi musi.
Ine ndinadza ndi sikelo ya magazi,
nayonso ndi yokhota.

Dzina lija pachikuto sindinafufute.
Pansi pake ndawonjeza asanu ndi anayi,
ndawonjeza khumi,
ndasiya mpata wa dzina limene palibe analemba.
Pamzere wa chigamulo ndaikapo
zimene ndinkalemba woweruza akatopa:
mlandu waimitsidwa,
mboni imodzi sinafike.
Ikubwera.
Ikuyenda pang'onopang'ono,
ndi yotsimphina.