Khoma la Kumsewu

Uthenga unabwera Lachiwiri:
akuchimuna adzafika Loweruka la mawa
kudzaonekera za Zelipa.
Ndinatuluka, ndinakaima pakati pa msewu
kuyang'ana nyumba yanga ndi maso a mlendo.
Zaka khumi ndi zinayi za fumbi la Chawama
zinali zitakhazikika pakhoma ngati zimalipira lendi,
ndipo m'munsimo munali mzere wa matope
wokumbutsa pamene madzi analekezera
chaka chija tinagona patebulo.

Ku Kamwala ndinafunsa mtengo wa chigubu chachikulu.
Mnyamata wa m'sitolo anautchula osaphethira.
Ndinamuthokoza ngati wandipatsa kanthu
n'kutuluka cham'mbuyo.

Anandiombola ndi Yotamu,
uja amapenta mipanda ya eni ndalama ku Kabulonga.
Kuseri kwake kuli zitini za zotsalira,
china chala chimodzi pansi, china zala zitatu,
mitundu ya nyumba zomwe sitidzalowamo.
Tinazikhuthulira m'ndowa imodzi,
tinasefa ndi sokosi yakale,
tinatakasa ndi mpini wa tsache
mpaka panabadwa mtundu wopanda dzina,
wapakati pa chigoba cha dzira ndi tiyi woperewera mkaka.
Anati, "Ya botolo limodzi basi, mdala."
Anamwa awiri.

Penti sagwirizana ndi litsiro, anatero Yotamu,
choncho tsiku loyamba burashi inapuma.
Tinapala, tinakwecha khoma ndi madzi a sopo,
ming'alu tinaimata ndi simenti ya m'mbale
yopempha kwa oumba mabuloko pakona.
Mphepo ya Ogasiti inadikira kuti tiyambe
ndiye inabwera ndi mchenga wake, ndi mapepala ake.
Tinaphunzira kudzuka tambala asanaganize,
kupaka iyo ikadali m'tulo.

M'munsi tinamanga lamba wofiirira
kuti matope a Januwale akadzabwera adzapeze mnzawo.
Chitseko chokha n'chimene ndinachigulira kachitini katsopano,
kobiriwira, ka mafuta;
ya nsapato zanga inathera pamenepo.
Miyala ya m'mbali mwa kanjira
tinaisambitsa laimu wothira mchere.
Tikambe analemba nambala ya nyumba,
faifi yake inapenya kolakwika,
ndinaisiya momwemo.

Ndowa inauma titangokhota pakona.
Khoma la kumsewu linawala,
la m'mbali linalawa mikono iwiri,
la kuseri silinamve n'komwe kuti kunja kuli nkhani.

Loweruka anafika ndi mbale zawo zovundikira.
Ndinawaona akuchedwa pageti, akugwedeza mitu,
mtima wanga unakhala pansi alendo asanapatsidwe mipando.
Nkhani inayenda bwino ndithu
mpaka amalume a mnyamatayo, a Njobvu, atanong'ona:
"Kodi kotayira madzi n'kuti?"

Chimbudzi chathu chili kuseri.

Ndinawerenga mapazi awo.
Ndinawamva akudutsa pamene burashi inalekezera,
akulowa m'dziko la mabuloko amaliseche,
la mwaye wa mbaula, la msomali wopachikapo beseni.
Anachedwa.
Anabwerako akupukuta manja pathalauza,
anakokera mpando wawo kufupi ndi khutu langa:
"Inu mwina munafikako pakona.
Kwathu ku Matero penti anathera pawindo."

Tinaseka mpaka azimayi anatitembenukira.

Zelipa ali kwake tsopano.
Mvula yagwa kawiri, lamba wagwira,
chitseko chikadali chobiriwira kupatula pogwira ana.
Madzulo ndikamaweruka
ndimadzera njira yaitali ya kumpopi
kuti nyumbayo ndiitulukire kutsogolo
ndiione pang'onopang'ono, ngati ya munthu wina.

Kuseri kukudikirabe, sikudandaula.
Ndili ndi mtsikana wina, ali giredi seveni.
Yotamu wayamba kale kusunga zitini.