Tsidya Lino la Msewu

Ndimagulitsa tchipisi ndi nyama yootcha
tsidya lino la msewu, mu Rotterdam muno,
moyang'anana ndi chitseko chakuda chija
chimene chimatsegukira ena.
Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikupenya
pa galasi langa lochita nthunzi.
Ndikalipukuta ndi mkono, mzere uli pomwepo.

Loweruka lapitali kunali mvula yowaza.
Redouan anaima pa mzere mphindi makumi anayi,
malaya osita, nsapato zogula dzulo lake,
mwana wobadwira kutsidya kwa mlatho uko,
amene masana amayendetsa sitima yapamsewu.
Atafika pa chingwe chofiira
mlonda anayamba kumuyang'ana kumaso
n'kuthera kumaso komweko.
"Lero ndi la oitanidwa okha."
Pambuyo pake panali Joris, ataledzera kale,
batani lomanga limodzi lokha.
Chingwe chinamugwadira.

Mawu awo ndinawaloweza ngati mitengo ya pakhoma panga:
mwadzaza m'katimu,
nsapato zakozo ayi,
ukabwere ndi mkazi,
chiphaso ichi sindikuchidziwa.
Palibe amene amatchula khungu.
Khungu limangoima pamenepo, litanyowa,
kudikira kuti wina alitchule.

Obwezedwa amawolokera kwa ine.
Mafuta onunkhira a m'khosi mwawo
amasakanikirana ndi anyezi wanga.
Shurandy amaseka mokweza, ati nyimbo zake n'zosagwira mtima ndi kale.
Nasra sayankhula. Amavula nsapato zazitali
n'kuziika patebulo ngati umboni wa kukhoti.
Redouan anangopempha madzi.
Kenaka, maso ali pansi:
"Bambo Cemil, kodi ndikununkha?"
Ndinathira mchere kawiri m'tchipisi za munthu wina.

Ndisaname, tsankholi ndimadya nalo.
Wokanidwa mmodzi uko ndi mayuro asanu ndi awiri kuno.
Firiji iyi ndinagula ndi manyazi a ana a eni ake.

M'bandakucha, ng'oma za m'katimo zikazima,
mlonda uja amawoloka nayenso.
Ndi Orlando, mayi ake anachokera ku Suriname,
wakuda kuposa theka la amene amawabweza.
Amazula kawaya m'khutu n'kukasiya pakauntala
kakunong'onabe kokha.
Tsiku lina ndinamufunsa.
Anatafuna nthawi yaitali.
"M'kawayamu mumayankhula bwana.
Iye amakhala kumwamba, pofunda, maso pa kamera.
Akati oterewo akwana, ndiye kuti akwana.
Ndili ndi ana atatu, lendi ikwera mu Julaye."
Ndinati, nanga wako wamkuluyo
akadzamera ndevu n'kudzaima pa chingwecho?
Anati, "Ndinamuuza kale. Kuno asadzayerekeze."
Anachoka osadikira chenje.

Nanenso ndinali ndi jekete labwino kale,
labuluu, la mabatani asiliva.
Likadali m'kabati.
Mkazi wanga amaganiza kuti linandichepera.

Lolemba m'mawa ndinakwera sitima yapamsewu
ndi thumba la anyezi pakati pa miyendo.
Woyendetsa anali Redouan, m'yunifolomu,
nkhope ya munthu amene sanagone bwino.
Pa siteji yachitatu zitseko zinali zitatsekeka kale
pamene bambo wina wamkulu thupi anatulukira akuthamanga,
kamtsikana ka chikwama chapinki kakulendewera kudzanja.
Anagogoda pagalasi ndi chikhatho.
Mvula inkatsika m'khosi mwake.

Redouan anamuona pakalilole.
Ine ndinaona chala chake pamwamba pa batani.
Chinakhalitsa pamenepo.
Mayi wina anayang'ana wotchi.
Kamtsikanako kanayetsemula.

Zitseko zinapuma, n'kutseguka.
Orlando anagunditsa khadi, makina analira kawiri.
Sanapatsane moni.
Kamwanako kanakhala pafupi nane
n'kundifunsa chifukwa chake ndikulira.
Ndinakaloza thumba lija,
ngakhale anyezi wake anali wosasenda.