Kumasula Habu

Tsiku lonse ndakhala pamthunzi kwa M'baluku
ndikumasula habu ya njinga ya Jawadu wakabaza,
imene yabwera ikulira kuchokera pamlatho wa Shire.
Manati, akiselo, mabering'i,
ndaziyala pachiguduli, chilichonse pamalo pake.

Folo koloko ikakwana ndimasamba girizi,
nkukakhala padesiki la ana a Fomu 3,
mawondo anga osalowa, ndevu zikuchita manyazi.

Mayi Nyirongo alemba pabolodi:
x² + 7x + 12.
Masabata atatu ndakhala ndikuchiyang'ana chinthuchi
ngati loko wa eni ake.

Lero aima pambali panga, choko chili kumanja.
"A Twaibu, kodi habu imabadwa ili habu?"
Ayi, ndatero, imachita kumangidwa.
"Nayonso iyi anachita kumanga. Imasuleni.
Pezani manambala awiri:
mukawachulukitsa abale 12,
mukawaphatikiza akwane 7."

Ndayesa 1 ndi 12.
Sipanala yakula, ikungozungulira.
Ndayesa 2 ndi 6.
Yatsala pang'ono kugwira, koma 8 si 7,
ndipo nati wokakamiza amadya mazinga.
Thukuta lagwera pakope.
Kumzikiti wa kwa Mponda azana yayamba.
3 ndi 4.
Ndamva m'zala kufewa kuja
kwa nati wadzimbiri akavomera.

(x + 3)(x + 4)

"Mwatsimikiza?"
Mayi, ine sindipereka njinga ndisanaikwere.
Ndachulukitsa chobwereza, chiwalo ndi chiwalo,
ndipo zonse zabwerera mwakale
osatsala ndi wasala yemwe pachiguduli.

Kenaka andipatsa x² − x − 12,
ndakhumudwa pa kamzere kochotsera.
Ndakumbukira pedulo yakumanzere:
imamasuka mobwerera, ukaiwala uthyola sipanala.
(x − 4)(x + 3).
Mtsikana wa desiki lakutsogolo watembenuka
kufuna kuona kope langa.
Langa, ine.

Yomaliza yandikanika.
x² + x + 1.
Ndayesa mpaka belu.
Mayi aseka: "Imeneyo ndi yowotcherera,
sipanala zanuzi siimva. Kudziwa zimenezo nakonso nkukhoza."

Ndikubwerera, ndakumana ndi Jawadu pa Soko,
wanyamula mayi ndi thumba la makala,
habu ili chete.
Wandifunsa ngati kusukuluko kuli ndalama.
Ndamuuza andipatse yotsala ija kaye.