Suti ya Simenti

Simenti ndinapaka zaka zinayi zapitazo
yatukuka ngati nkhanambo.
Ndikagogoda, khoma likuyankha ngati mgolo wopanda kanthu.
Kuseri kwake zidina zasanduka ufa,
mchere wayera m'munsi monse ngati chikanga.

Sitolo ya thonje iyi, pa Chiromo pano,
inaima njanji isanadyedwe ndi dzimbiri.
Bambo anga a Zuze ankapimitsa mitolo muno,
sikelo ikuwabera, iwo akuiyang'ana m'maso.
Ndine ndinabwera ndi matumba asanu pangolo
ndikuti ndiiveke suti.
Suti mu Okutobala, kuchigwa kuno!
Thukuta la nyumba linasowa potulukira.

Chanaze, woumba mitsuko wa ku Makhanga,
sanandinene.
Ananyowetsa chala, nakhudza khoma, nalawa.
Anati: mtsuko wosatuluka thukuta suziziritsa madzi.
Kenaka anapempha khasu.

Tinamata zigamba zitatu kumbali ya dzuwa.
Makande okhaokha anang'aluka lisanafike Lachinayi,
ming'alu ya chidendene cha mlimi wa kudimba.
Chigamba chochuluka mchenga wa mu Ruo
chinagwa mbuzi ya eni itangodzikandapo.
Ana anaseka. Nanenso, pang'ono.

Chachitatu tinachiponda ndi mapazi:
dothi la pachulu, mchenga mabigiri awiri,
mankhusu a mpunga, ndowe zogonera m'dzenje
mpaka fungo linathamangitsa wogulitsa mandasi.
Chimenecho chinagwira phee,
ngati chinabadwira pomwepo.

Ndinafunsa: chikhala zaka zingati?
Chanaze anapukuta manja m'chitenje.
Anati: sichikhala.
Mvula idzachinyambita, iwe udzamatanso,
mwana wako adzamatanso.
Malaya ndiwo ang'ambike, msana utsale.
Chomatira chikalimba kuposa khoma
ndi khoma limene limafa.

Tsopano ndikugumula ntchito yanga ndi chizulo,
pang'onopang'ono, kuopa kusupula ndi mnofu womwe.
Pena ndapeza zala za womata woyamba,
zinayi, zazifupi kuposa zanga.
Ndaziphimba mosamala.

Mawa laimu wosungunula ngati mkaka,
kawiri, kumene mvula imamenya.
Lero masana, mpweya uli ngati wa mu uvuni,
ndinatsamiritsa tsaya pachigamba chija
ndipo chinali chozizira.
Ndinakhalitsa pamenepo
mpaka wanjinga wina anafunsa ngati ndadwala.